Mtsikana Wantchito m'Masewero a ku Latin America

Mayiko ambiri a ku Latin America, kuyambira ku Mexico kumpoto mpaka ku Argentina kummwera, amayankhula Chisipanishi. Kwa zaka zoposa 60 mayikowa akhala akugulitsa kunja katundu wina amene sayezedwa pasikelo monga khofi kapena shuga. Katunduyo ndi sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa telenovela. Iyi ndi nkhani imodzi yaitali imene imaonetsedwa pang'onopang'ono m'zigawo, kawirikawiri madzulo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kwa miyezi isanu ndi umodzi, mwinanso kupitirira chaka. Masewero ena a ku United States ndi ku Britain amangoyenda zaka makumimakumi popanda mathero, koma telenovela ili ndi tsiku lake lomaliza, ndipo oonera amadziwiratu zimene tsikulo lidzabweretse: oipa adzalangidwa, zobisika zidzaululika, ndipo awiri okondana adzatuluka m'tchalitchi atagwirana manja. Masewerowa adafika ku Russia, ku Philippines ndi ku Africa. Ku Malawi nako, mabanja okhala ndi DStv adayamba kuwaonera tsiku ndi tsiku m'chaka cha 2013 pamene kanema wa Telemundo adatsegulidwa, mawu a Chisipanishi atalowedwa m'malo ndi a Chingerezi.

Mtengambali amene amabwera mobwerezabwereza m'masewerowa ndi mtsikana wosauka, makamaka wantchito wa m'nyumba. Nthawi zambiri dzina lake ndi María. Amachokera kumudzi kapena m'madera osauka a mumzinda, amalowa m'nyumba ya anthu olemera kudzera pakhomo la kukhitchini, amanyozedwa ndi adona, kenaka amakondedwa ndi mwana wa abwana. Pomwe sewero likutha amakhala atavala zodula, akulamula antchito akeake. Zoti adzatuluka mu umphawi n'zodziwikiratu, choncho funso lofunika kwa wounika masewerowa ndi lakuti adzatulukira khomo liti. Khomo limene mlembi amasankha limaulula zimene iye amakhulupirira za anthu osauka, ndiponso zimene akufuna kuti osaukawo azikhulupirira za iwo eni.

Muzu wa telenovela uli pa wailesi ya mawu okha. M'chaka cha 1948 wailesi ya CMQ ya mumzinda wa Havana ku Cuba idayamba kuulutsa sewero la Félix B. Caignet lotchedwa El derecho de nacer, kutanthauza ufulu wakubadwa. Seweroli lidali ndi zigawo 314. Nkhani yake njakuti María Elena, mwana wa mkulu wina wolemera wa ku Santiago de Cuba dzina lake Don Rafael del Junco, adatenga pathupi asanakwatiwe. Poopa manyazi, bamboyo adalamula kuti khandalo liphedwe. Koma mlezi wa m'nyumbamo, mayi wachikuda wotchedwa Mamá Dolores, adathawa nalo khandalo, nalilera movutikira, nalipatsa dzina la bambo ake la Limonta. Mwanayo, Albertico, adakula n'kukhala dokotala, ndipo tsiku lina adapulumutsa moyo wa nkhalamba ina poipatsa magazi ake, osadziwa kuti nkhalambayo ndi agogo ake aja adafuna kumupha.

M'nkhani imeneyi muli zinthu ziwiri zimene zikulimbana. Kumbali ina kuli thukuta la Mamá Dolores, amene adachita zija amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumbali inayo kuli magazi a banja la del Junco. Caignet amamulemekeza Mamá Dolores, ndipo omvera adamukonda kwambiri, komabe chimene chidawasunga pafupi ndi wailesi kwa miyezi yambiri chidali kudikira tsiku limene banja lolemeralo lidzazindikire mwana wake. Mayi amene adadzimana kuti mwanayo akule akusanduka mlatho woolotsera mwanayo kubwerera kwa eni ake. Ngakhale chizindikiro chimene mlembi adasankha, chothira magazi a mdzukulu m'mitsempha ya agogo, chikunena poyera kuti chibale n'fupa, sichiola.

Katswiri wina amene adakhala zaka zambiri ku Colombia, Jesús Martín-Barbero, m'buku lake la mu 1987 adafotokoza kuti mtima wa masewero oterewa ndi kulimbana kwa munthu kuti azindikiridwe: mwana akufuna bambo ake amuvomere, mayi akufuna mwana wake wotayika amudziwe. Iye adaona kuti anthu wamba amawakonda masewerowa kaamba kakuti kumene boma ndi malamulo sizimuona munthu wosauka, chibale ndicho chimamupatsa dzina ndi poima. Maganizowa ngoona, ndipo amathandiza kuti munthu asafulumire kunyoza oonera. Komabe amasiya funso lina losayankhidwa. Kodi wosauka amene alibe kholo lolemera lobisika kwinakwake adzazindikiridwa ndi yani?

Wailesi yakanema itafika, nkhani zotere zidasamukira komweko. Ku Mexico telenovela yoyamba, Senda prohibida, yolembedwa ndi Fernanda Villeli, idaonetsedwa mu 1958, ndipo idalipiriridwa ndi kampani ya sopo ya Colgate-Palmolive. Mfundo imeneyi siyaing'ono ayi. Olipira ankafuna kuti amayi okhala pakhomo azikhala pafupi ndi kanema tsiku lililonse kuti aone malonda a sopo, motero chigawo chilichonse chinkayenera kuthera pamalo osiya mtima uli m'mwamba. Boma la Cuba litasintha mu 1959, olemba ena monga Inés Rodena ndi Delia Fiallo adachoka m'dzikolo, ndipo nkhani zawo zidagulidwa ndi makampani a ku Venezuela ndi ku Mexico. Kampani ya Televisa ya ku Mexico ndiyo idasandutsa nkhani za Rodena kukhala munda wokolola chaka ndi chaka.

Limodzi mwa masewero ochokera m'munda umenewu ndi Los ricos también lloran, kutanthauza kuti olemera nawonso amalira, la mu 1979. Verónica Castro adasewera ngati Mariana, mtsikana wosaphunzira amene adathamangitsidwa pafamu ndi mayi womupeza bambo ake atamwalira, nakafika mumzinda wa Mexico City chimanjamanja. Mkulu wina wachifundo adamutengera kunyumba kwake, ndipo kumeneko adakondana ndi mwana wa mkuluyo, Luis Alberto. Seweroli litaonetsedwa ku Russia mu 1992, dziko la Soviet Union litangogawikana kumene, anthu mamiliyoni ambiri adalitsata, ndipo Castro atakacheza ku Moscow adalandiridwa ndi chikhamu cha anthu. Mutu wa seweroli pawokha ndi mankhwala oziziritsa mtima: wosauka asachite nsanje, pakuti m'nyumba zazikulu namonso muli misozi. Ndiponso Mariana sadali mwana wa mlimi wamba. Adali mwana wa mwini famu wolandidwa chuma chamasiye, choncho kukwera kwake n'kubwerera pamalo pake chabe.

Chitsanzo choonekera bwino koposa ndi Marimar, sewero la mu 1994 limene mtengambali wamkulu adali woimba Thalía. Marimar ankakhala ndi agogo ake m'kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja, sankadziwa kulemba kapena kuwerenga, ndipo nthawi zina ankaba chakudya kuti adyetse nkhalambazo. Sergio Santibáñez, mwana wa mwini famu, adamukwatira pofuna kukwiyitsa bambo ake ndi mayi womupeza, Angélica. Angélica adamuzunza mtsikanayo mpaka kumutoletsa chibangili m'matope ndi mano, kenaka adamunamizira kuba, namumangitsa, natumanso munthu kukatentha kanyumba kaja agogowo ali momwemo. Atatuluka m'ndende, Marimar adapita ku Mexico City, nalembedwa ntchito ya m'nyumba. Apa ndi pamene nkhani idakhotera: bwana wa nyumbayo, Gustavo Aldama, adapezeka kuti ndiye bambo ake omubereka. Mtsikana uja adaphunzitsidwa kuyankhula, kuyenda ndi kudya monga olemera, nasintha dzina kukhala Bella Aldama, nabwerera kukabwezera chipongwe. Tsiku lina Angélica nayenso adagwada m'matope kutola mapepala a famu ndi mano.

Ndi munthu wouma mtima yekha amene sangakondwe poona Angélica ali chogwada, ndipo olemba adaidziwa ntchito yawo pomanga nkhaniyo kuti matope a pachiyambi abwererenso kumapeto. Kamangidwe kotere n'kofanana ndi ka nthano za mwana wamasiye ndi mayi womupeza zimene ana amamva madzulo kumudzi, ndipo mwina n'chifukwa chake kamamveka m'chiyankhulo chilichonse. Ku Philippines, kumene seweroli lidaonetsedwa m'chiyankhulo cha Tagalog mu 1996, Thalía adalandiridwa ndi Pulezidenti Fidel Ramos. Koma munthu akaunika mofatsa aona kuti seweroli silikudzudzula mchitidwe wogwaditsa munthu m'matope. Likungoti adagwaditsidwa munthu wolakwika. Mlandu wa Angélica ngwakuti adazunza mwana wa Aldama pomuyesa mwana wa amphawi. Antchito ena onse, amene alibe bambo wobisika, sewero likutha ali kukhitchini komwe lidawapeza, ndipo kamera ilibe nawo ntchito.

Mwini Televisa panthawiyo, Emilio Azcárraga Milmo, sadabise maganizo ake. Mu 1993 adanena poyera kuti Mexico ndi dziko la anthu osauka amene sadzatuluka mu umphawi wawo, ndipo udindo wa wailesi yakanema ndi kuwasangalatsa kuti aiwale moyo wawo wowawa. Mawuwa adakwiyitsa ambiri, komabe amafotokoza bwino chifukwa chimene khomo la magazi ndi khomo la ukwati zimakondedwera ndi eni makampani. Makomo awiriwa ali ngati mpikisano wa mwayi. Amatsegukira munthu mmodzi, otsalawo n'kuuzidwa kuti adikire tsiku lawo.

Palinso nkhani ya khungu. Ku Mexico kuli anthu oposa 7 miliyoni oyankhula ziyankhulo za eni dziko amene Asipanishi adawapeza, monga Nahuatl, Maya ndi Mixtec, ndipo ambiri mwa antchito a m'nyumba amachokera ku mitundu yotere kapena ndi a khungu loderapo. Koma mtsikana wosauka wa m'telenovela pafupifupi nthawi zonse amakhala woyera khungu amene wangopakidwa dothi kumaso n'kulukidwa tsitsi. Chizolowezichi n'chakale. M'filimu ya María Candelaria ya m'zaka za m'ma 1940, mbali ya mtsikana wa eni dziko idaseweredwa ndi Dolores del Río, mwana wa banja lolemera la ku Durango amene adali atatchuka kale ku Hollywood. María Isabel, nkhani ya wantchito wa eni dziko amene amakwatiwa ndi bwana wake, idaseweredwa ndi Silvia Derbez mu 1966 ndi Adela Noriega mu 1997. Zovala ndi kayankhulidwe ka eni dziko zikaikidwa patsogolo zenizeni, kawirikawiri kumakhala kofuna kuseketsa anthu, monga mwa La India María, mtengambali wotchuka wa María Elena Velasco. Woonera wa khungu loderapo amaphunzira mwakachetechete kuti ngakhale m'maloto, mwayi umagwera amene akufanana kale ndi abwana.

Sewero limodzi lakale lidasankha khomo lina, ndipo n'chifukwa chake limakumbukiridwabe. Simplemente María lidaonetsedwa ku Peru pa Panamericana Televisión kuyambira 1969 mpaka 1971, m'zigawo 448, kuchokera pa nkhani ya mlembi wa ku Argentina, Celia Alcántara. Chiyambi chake n'chozolowereka. María Ramos adachoka kumapiri a Andes kukafuna ntchito mumzinda wa Lima, adalembedwa ntchito ya m'nyumba, adanyengedwa ndi Roberto, mnyamata wa banja lolemera, ndipo atatenga pathupi mnyamatayo adamusiya, ntchito nayo n'kutha. Woonera wozolowera amayembekeza kuti apa patulukira kalata yobisika kapena chipsera chakubadwa nacho choulula makolo olemera, koma palibe chimene chimatulukira. M'malo mwake María adayamba kupita madzulo kusukulu ya akuluakulu, yonga ija ya kwacha, kumene mphunzitsi Esteban adamuphunzitsa kulemba ndi kuwerenga. Mayi a mphunzitsiyo adamuphunzitsa kusoka. Adayamba ndi makina a Singer, akusokera anthu ena, kenaka adatsegula malo akeake, mpaka adasanduka katswiri wa zovala wodziwika ngakhale ku Paris. Roberto sadamukwatire. María adadzakwatiwa ndi Esteban patapita zaka pafupifupi 20 za m'nkhaniyo, ali kale ndi chuma cha manja ake.

Zimene zidachitika kunja kwa kanema zidalembedwa ndi ofufuza Arvind Singhal, Rafael Obregón ndi Everett Rogers mu 1994. Antchito a m'nyumba ambiri adayamba kulembetsa m'makalasi a kulemba ndi kuwerenga ndiponso a kusoka. Makina a Singer adayenda malonda kotero kuti kampaniyo idapatsa Saby Kamalich, amene ankasewera ngati María, kamakina kagolide ngati mphatso. Tsiku lojambula ukwati wa María ndi Esteban pa tchalitchi china cha mu Lima, anthu pafupifupi 10,000 adakhamukirako atatchena, ena atanyamula maluwa ndi mphatso. Pali amene amaseka khamulo n'kumati lidalephera kusiyanitsa sewero ndi moyo. Mwina n'zoona kwa ena. Koma mtsikana amene adagula makina osokera sadasokonezeke mutu konse. Iye adaona njira imene miyendo yake ikadatha kuyendamo, pamene woonera Marimar alibe choti n'kutsanzira, pakuti palibe sukulu yophunzitsa munthu kukhala mwana wa mpondamatiki. Ku Mexico, Miguel Sabido adatola nzeru pa seweroli nayamba kupanga matelenovela ophunzitsa, monga Ven conmigo ya mu 1975 yolimbikitsa sukulu za akuluakulu ndi Acompáñame ya mu 1977 ya za kulera. Njira yakeyo idafika ndi ku Africa komwe, m'sewero la pa wailesi la ku Tanzania la Twende na Wakati limene lidayamba mu 1993.

Komabe Simplemente María nalo lili ndi pozembera pake. Kamalich, amene mtundu wake udachokera ku Ulaya, ndiye adavala nkhope ya mtsikana wa ku Andes. Ndiponso seweroli limasenzetsa mtolo wonse María yekha: akalimbika apambana, ndiye kuti amene sadapambane sadalimbike. Silifunsa chifukwa chimene mwana wa kumapiri adakulira osaona pakhomo la sukulu, kapena chifukwa chimene wantchito woyembekezera angachotsedwere ntchito popanda womuimira. Mzinda wa Lima sukadatha kudyetsa akatswiri a zovala zikwizikwi, ndipo atsikana ambiri amene adatsika kumapiri m'zaka zimenezo adakalambira m'makhitchini a eni.

Ku Colombia, Fernando Gaitán adayesa kugwedeza lamulo lina, lija lakuti mtsikana wosauka ayenera kukhala chiphadzuwa. Yo soy Betty, la fea, kutanthauza ndine Betty wosakongola, lidaonetsedwa pa RCN kuyambira 1999 mpaka 2001. Beatriz Pinzón, amene adaseweredwa ndi Ana María Orozco, sadali wantchito wa m'nyumba, koma malo ake mu ofesi adali omwewo. Adali ndi maphunziro apamwamba a zachuma, komabe kaamba ka magalasi aakulu, mawaya a m'mano ndi zovala zachikale adangolembedwa ntchito ya usekilitale pa kampani ya zovala ya Ecomoda mumzinda wa Bogotá, naikidwa m'kachipinda kamdima kuti alendo asamuone. Nzeru zake ndizo zidachirikiza kampaniyo pamene bwana wake Armando Mendoza ankaimiza m'ngongole. Zinthu zitafika poti kampaniyo ili m'manja mwa Betty, Armando adanamizira kumukonda poopa kuti angamulande. Ubwino wa seweroli uli pa nthabwala zake ndiponso pa gulu la amayi a mu ofesi, wina wonenepa, wina wamtali, wina wosiyidwa ndi mwamuna, amene amaima ndi Betty pa zabwino ndi pa zoipa. Oonera adaona pa kanema anthu ofanana ndi amene amakwera nawo basi m'mawa. Nkhaniyi idakonzedwanso m'mayiko ambiri, kuphatikizapo India mu 2003, United States mu 2006 ndi South Africa mu 2021. Koma Gaitán adafooka chakumapeto. Betty adapita ku Cartagena, adakonzedwa tsitsi ndi nsidze, adabwerako atakongola, nakhala mkulu wa Ecomoda, nakwatiwa ndi Armando yemwe uja adamunyenga. Udindo adaupeza ndi mutu wake, ndipo pamenepa seweroli likuposa Marimar kutali. Ukwatiwo ndiwo ukuonetsa kuti ngakhale mlembi wolimba mtima adaopa kutseka sewero popanda mwana wa abwana paguwa.

Kuti munthu aone bwino zimene telenovela imabisa, ayenera kuiika pafupi ndi filimu ya Roma ya mu 2018, yolembedwa ndi kujambulidwa ndi Alfonso Cuarón wa ku Mexico. Zipangizo zake n'zomwe zija za Simplemente María: mtsikana wakumudzi, nyumba ya abwana, mnyamata wothawa mimba. Cleo, wa mtundu wa Mixtec, akugwira ntchito pa banja la dokotala m'dera la Colonia Roma mu Mexico City m'zaka za 1970 ndi 1971. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera chabe, ndipo filimuyi ikuyamba ndi madzi a sopo akuyenderera pansi pamene Cleo akutsuka pabwalo. Sopo uja ankalipirira masewero a María wa pa kanema, pano ali m'manja mwa María weniweni. Kamera ikumutsata mosafulumira akudzutsa ana anayi, akuchotsa zonyansa za galu, akuchapa padenga, akuzimitsa magetsi nyumba yonse itagona. Ntchito imene telenovela imaidumpha m'mphindi imodzi kuti ifike msanga pa chikondi, Cuarón akuipatsa nthawi yake yonse.

Pali kachigawo kena kamene kakunena zambiri popanda phokoso. Banja lonse lakhala pa sofa likuonera kanema. Cleo akuchotsa mbale, kenaka akukhala pansi chapambali, ndipo mwana mmodzi akumukoleka dzanja paphewa mwachikondi chenicheni. Pasanathe mphindi adona akumutuma tiyi wa abwana, ndipo iye akunyamuka. Palibe womukalipira. Muno mulibe Angélica. Anthu a m'nyumbayi amamukonda Cleo, komabe chikondicho sichikusuntha malire ngakhale pang'ono. Zimenezi zikuonekeranso kuchipatala, pamene agogo a m'nyumbamo, akulira ndi nkhawa, akulephera kutchula dzina lonse la Cleo kapena tsiku lake lobadwa, ngakhale akhala naye nyumba imodzi nthawi yaitali. Telenovela imaphunzitsa kuti vuto la wantchito ndi dona woipa mtima, koma Roma ikuonetsa kuti wantchito amakhalabe pansi ngakhale dona ali wabwino.

Filimuyi ikulowetsanso mbiri ya dziko m'moyo wa wantchito, chinthu chimene masewero a atsikana osauka a Televisa ankachipewa. Fermín, mnyamata amene adamupatsa mimba Cleo n'kumuthawa ali m'nyumba yoonetsera mafilimu, ali m'gulu la Los Halcones, achinyamata ophunzitsidwa nkhondo mobisa mothandizidwa ndi boma, amene pa 10 Juni 1971 adapha ophunzira ambiri ochita zionetsero mu Mexico City. Cleo ali m'sitolo kusankha bedi la mwana pamene chipolowecho chikuyamba, ndipo mmodzi mwa olowa ndi mfuti, n'kumuloza nayo, ndi Fermín. Matenda akuyamba pomwepo, galimoto ikuchedwa m'misewu yotsekeka, ndipo mwana akubadwa atamwalira kale. Pambuyo pake, kunyanja ya ku Tuxpan, Cleo, amene sadziwa kusambira, akulowa m'mafunde kupulumutsa ana awiri a adona. Banja lonse likumukumbatira pamchenga n'kumuuza kuti limamukonda. M'telenovela apa ndi pamene pakadatulukira mphotho. Mu Roma onse akubwerera kunyumba, ana akusimba za kupulumuka kwawo mokondwa, ndipo ali m'kati mosimba akumutuma Cleo chakumwa.

Filimuyi nayo ili ndi chilema chake. Cuarón adakulira m'nyumba yotereyi, ndipo adaipereka filimuyi kwa mlezi wake, Libo. Choncho diso limene likumuona Cleo ndi la mwana wa abwana amene wakula n'kuyamba kumva chisoni. Cleo sayankhula zambiri. Mnzake Adela atamuuza kuti boma lalanda munda wa mayi ake kumudzi, nkhaniyo ikuthera pomwepo, ndipo woonera safika kumudziko ngakhale kamodzi. Ounika ena adadandaula kuti kufatsa kumeneku kwamusandutsa Cleo munthu wopirira amene sakwiya ndipo safuna kanthu. Dandauloli lili ndi maziko. Marimar, ndi mabodza ake onse, amaloledwa kulusa ndi kubwezera, pamene Cleo akuloledwa kupirira kokha. Sizingadabwitse ngati wantchito wotopa ndi dzuwa lonse atasankha kuonera Marimar.

Chimene Roma idasintha poyera ndi nkhope. Yalitza Aparicio, wa ku Tlaxiaco m'chigawo cha Oaxaca, adali atangomaliza maphunziro a uphunzitsi wa ana aang'ono ndipo adali asanasewerepo m'filimu. Mayi ake omubereka ankagwira ntchito ya m'nyumba. M'filimuyi Cleo ndi Adela amayankhulana Mixtec akakhala awiriwiri. Roma idalandira mphotho zitatu za Oscar mu 2019, ndipo Aparicio adali m'gulu la opikisana pa mphotho ya mkazi wosewera bwino koposa. Chithunzi chake chidatuluka pachikuto cha magazini ya Vogue ya ku Mexico kumapeto kwa 2018. Ambiri adanyadira, koma m'miyezi imeneyo ena adamunyoza kaamba ka khungu ndi mtundu wake, ndipo mmodzi mwa onyozawo, amene pambuyo pake adapepesa, adali mwamuna wodziwika m'matelenovela. Dziko limene kwa zaka 60 lidalira limodzi ndi María wopakidwa dothi lidavutika kulandira María wosapakidwa kanthu.

M'mwezi wa Disembala 2018, filimuyi ili pakamwa pa anthu ambiri, khoti lalikulu la ku Mexico lidagamula kuti n'kusemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuwasiya kunja antchito a m'nyumba pa lamulo lolembetsa ogwira ntchito ku bungwe la IMSS, limene limapereka chithandizo cha kuchipatala ndi penshoni. Chigamulochi sichidabwere chifukwa cha filimu. Chidachokera pa mlandu wa mayi wina wokalamba amene adagwira ntchito pa banja limodzi zaka zoposa 50, ndiponso pa khama la antchito enieniwo. Mmodzi mwa iwo ndi Marcelina Bautista, wa mtundu wa Mixtec ngati Cleo, amene adachoka ku Oaxaca ali ndi zaka 14 kukagwira ntchito ya m'nyumba mu Mexico City. Chiyambi cha mbiri yake n'chonga cha María aliyense wa pa kanema, koma iye adayamba kukumana ndi antchito anzake, nakhazikitsa bungwe lowaphunzitsa za ufulu wawo mu 2000, ndipo mu 2015 adathandiza kuyambitsa mgwirizano wa antchito a m'nyumba a dziko lonse. Mu 2020 Mexico idavomereza pangano nambala 189 la bungwe la ILO lonena za antchito a m'nyumba, amene m'dzikolo ndi oposa 2 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi. Khomo limeneli, la antchito ogwirizana, silipezeka mu Marimar, mu Betty, ngakhale mu Roma momwe. Filimuyo ikutha Cleo akukwera masitepe achitsulo opita padenga atasenza mtolo wa zochapa, ndege ikudutsa kumwamba.